Mphaka akalowa m'mapemphero, timuthire mchere kapena timupatse usipa?

Lidali Lachisanu m'mwezi wa July, cha m'ma 11 koloko usiku, kwa azakhali anga ku Kawale 2. Magetsi adali atazima kuyambira madzulo, ndiye pabalaza pamangoyaka kandulo imodzi yoimika pasosala. Amayi asanu ndi awiri a gulu la mapemphero adali atagwada pamkeka, ine ndili pakona, maso otseka theka. Ndisaname, ndidalowa nawo chifukwa kwa azakhali sukana kupemphera ngati ukufuna kudya nsima yawo mawa lake.

Nyimbo zidatha, kufuula kudatha, tidafika pagawo lija amati aliyense akhale chete, asinkhesinkhe, amvetsere zimene Mulungu akumuuza mumtima. M'nyumba mudali zii. Kenaka mayi wotsogolera adakuwa mwakuti ndidaganiza kuti chitenje chawo chagwira moto. Potsegula maso, pamiyendo pawo padali mphaka wakuda, atadzipinda bwinobwino ngati nayenso amalipira lendi.

"Moto! Moto wa Mzimu Woyera!" Wina adathamangira kukhitchini kukatapa mchere, wina adayamba kuwaza madzi odalitsidwa, azakhali adatola tsache. Mphaka uja adadumpha n'kugunda sosala, kandulo n'kugwa, mdima bii. Mtsikana wina adayatsa tochi ya pafoni, ndipo kuseri kwa kabati kudaoneka timaso tiwiri tobiriwira tili phethiphethi. Poti ndi masiku ano, mtsikanayo sadangoyatsa tochi. Adajambulanso.

Kusanache, kanemayo adali atafika pagulupu ya WhatsApp ya m'dera lathu. Oyamba kuyankha amangoseka, wina mpaka adalemba kuti mphakayo naye amafuna kulapa. Koma dzuwa litakwera, nkhani idatembenuka. Anthu adasiya kufunsa kuti mphaka adalowera pati. Adayamba kufunsa kuti ndi wa ndani.

Ndi wa agogo ena a nyumba yachitatu pamdadada womwewo. Amuna awo adamwalira kalekale, ana ali ku Joni, iwo amakhala okha n'kumagulitsa makala ndi tomato pakhomo. Pofika masana, wina adali atakumbukira kuti mwana wake adadwala malungo atangodya tomato wa agogowo. Winanso adakumbukira kuti agogowo sadapite kumaliro ena chaka chatha. Ine ndimawerenga mauthengawo mtima ukugunda, chifukwa ndikudziwa kumene nkhani zoyamba chonchi zimakathera.

Tsiku lomwelo ndidakumbukira kanema wina amene ambiri a inu mudamuona pafoni. Mu April 2023, m'mwezi wa Ramadhani, imamu wina wa ku Algeria dzina lake Walid Mehsas amatsogolera swala ya usiku ya Taraweeh mumzikiti wa mumzinda wa Bordj Bou Arreridj. Ali mkati mowerenga Qur'an, mphaka adamudumphira pachifuwa n'kukwera paphewa. Bamboyo sadadzidzimuke. Adamusisita pang'ono, mphakayo n'kumanunkhiza kumaso kwake, iye akupitiriza kuwerenga osaphonya. Mphaka atakhutira adatsika yekha. Dziko lonse lidamusangalalira imamuyo, ndipo Amalawife tidatumizirana kanemayo ndi timitima tofiira. Nyama yake ndi yomweyo, nthawi yake ya mapemphero a usiku yomweyonso. Ku Algeria adapitiriza kupemphera, ku Kawale tidataya mchere wa sabata yathunthu.

Asilamu anzathu a ku Biwi kapena Area 23 sangadabwe nazo. M'chiphunzitso chawo mphaka ndi nyama yaukhondo, yololedwa m'nyumba ngakhale mumzikiti. Mmodzi mwa otsatira odziwika a Mtumiki Muhammad amadziwika ndi dzina loti Abu Hurairah, kutanthauza bambo wa kamwana ka mphaka, chifukwa chokonda kanyamaka.

Nanga mphaka amafunanji kwa munthu amene akupemphera?

Funsoli ndi losavuta kuposa mmene timaganizira, ndipo yankho lake n'lochititsa manyazi pang'ono. Mphaka amakonda kufunda. Thupi lake limakhala lotentha madigiri 38 mpaka 39, kuposa la munthu, ndiye amafunafuna pofunda paliponse: pafupi ndi mbaula, pamwamba pa firiji, pathumba la makala limene lawombedwa ndi dzuwa. Usiku wa July ku Lilongwe mukuudziwa mmene umazizirira. M'nyumba ya simenti, malo ofunda kuposa onse ndi miyendo ya munthu wofunda chitenje.

Chinanso, mphaka sakonda kuyang'anitsitsidwa. Kwa iye, diso lomutonyolera ndi chizindikiro cha ndewu. Sakondanso phokoso ndi manja ogwedezeka. Tsiku lonse ana amamuthamangitsa, akuluakulu amamuponda mchira. Ndiye taganizani, mwadzidzidzi wapeza munthu amene wakhala pansi, watseka maso, sakugwedezeka, akupuma mwakachetechete. Kwa mphaka ameneyo ndi mpando wofunda umene sumenya. N'chifukwa chake sadalowe nthawi ya nyimbo ndi kuwomba m'manja. Adadikira kachetechete, n'kusankha mayi amene adakhazikika kwambiri kuposa onse. Kunena zoona, akadayenera kunyadira, chifukwa mphaka adachitira umboni kuti iwo ndiwo amasinkhasinkha zenizeni, osati ine wa pakona uja.

Za maso owala mumdima, kuseri kwa diso la mphaka kuli kachikopa konyezimira kamene akatswiri amati tapetum lucidum. Kamabweza kuwala ngati kalilole kuti aziona bwino usiku. Galu ali nako, mbuzi ili nako, ng'ombe ili nako. Palibe amene adathirapo ng'ombe mchere chifukwa maso ake awala pa tochi.

Za kuyang'anitsitsa khoma lopanda kanthu, zimene ambiri amati akuona mizimu, nkhani ili m'makutu. Munthu amamva mawu mpaka pa mahezi 20,000, pamene mphaka amafika cha m'ma 64,000. Makoswe amalankhulana ndi timawu tapamwamba timene ife sitimva. Mphaka akatukula khutu n'kumayang'ana kudenga inu muli pa Salimo, dziwani kuti muli ndi alendo kusiling'i, ndipo alendowo akudya ufa wanu.

Ndiye pali kulira kuja. Aliyense amene adakulira ku Chinsapo kapena kwa Mgona adakumvapo, pakati pa usiku, pamwamba pa malata, ngati khanda latayidwa. Ine ndili mwana ndimabisala m'bulangete mpaka thukuta kamukamu. Amene aja ndi mphaka wamkazi amene akufuna wamwamuna, komanso amuna amene akulimbirana mkaziyo. Dikirani masabata 9, mudzapeza tiana kuseri kwa bafa.

Sindikulemba izi ngati munthu amene sadaopepo. Tonse tidakula ndi nkhani zoti afiti amasanduka amphaka, afisi ndi akadzidzi, kapena amawatuma usiku. Tidamva za mphaka amene adamenyedwa mwendo usiku, m'mawa mwake gogo wina n'kudzuka akutsimphina. Nkhani imeneyi ndidaimva ku Kawale, ndidaimvanso kumudzi, mnzanga wa ku Area 25 akuti idachitikira pafupi ndi kwawo. Chodabwitsa n'chakuti aliyense adaimva kwa wina, palibe amene adaona yekha. Chinanso chimene sichisintha, amene amadzuka akutsimphinayo amakhala mayi wokalamba. Sindidamvepo kuti ndi bwana wa galimoto amene wadzuka ndi bandeji. Gogo wa zaka 70 amene amatsimphina tsiku lililonse ndi nyamakazi safunika mphaka kuti atsimphine.

Mantha amenewa si athu tokha. Azungu amene lero amagona ndi amphaka pabedi adadutsamo moipa kuposa ife. Mu 1233, Papa Gregory IX adalemba kalata yotchedwa Vox in Rama, yodzudzula kagulu kena ku Germany kamene ankati kamapembedza Satana, ndipo m'kalatamo mphaka wakuda adatchulidwa ngati mbali ya miyambo yawo. Mu 1566, ku Chelmsford m'dziko la England, mayi wamasiye Agnes Waterhouse adanyongedwa pamlandu wa ufiti, ndipo pakati pa mlanduwo padali mphaka amene ankamutcha Sathan. Mumzinda wa Ypres ku Belgium ankaponya amphaka amoyo kuchokera pansanja yaitali, mwambo umene udatha mu 1817. Lero amachitabe chikondwerero chake koma amaponya zidole. Pamene ku Egypt wakale, kuno ku Africa konkuno, mphaka ankalemekezedwa chifukwa choteteza nkhokwe ku makoswe ndi njoka, mpaka mulungu wawo wamkazi Bastet ankamujambula ndi mutu wa mphaka.

Tsegulani TikTok lero, mupeza atsikana a ku London ndi New York amene amadzitcha okha afiti. Amayatsa makandulo, amafukiza zonunkhira, amayala timiyala tonyezimira patebulo, n'kumadandaula kuti mphaka wawo wagwetsa kandulo kapena wagona pamakhadi awo oombezera. Amafunsana kuti kodi timutsekere kunja kapena timusiye akhale nawo pamwambo. Kwa iwo ndi nkhani yoseketsa. Dziko la Britain lidachotsa lamulo lake lakale la ufiti mu 1951, ndipo palibe amene angawagende. Kanema ngati ameneyo mutajambulira ku Chinsapo, simungagone m'nyumba mwanu usiku umenewo.

Kuno kwathu amene amayatsa lubani n'kuitana mizimu ndi asing'anga, ndiye ndidafuna kumva kuti iwo amatani mphaka akawalowerera. Ndidapita kwa bambo wina wa ku Chinsapo amene ndidamudziwa kale pantchito yanga yolemba nkhani. Kachipinda kake n'kodzaza: mizu m'mabotolo, makungwa m'timapepala, nsupa zovekedwa mikanda, nsalu yofiira ndi yoyera pakhoma. Pamwamba pa thumba la mizu padagona mphaka wamawangamawanga, wonenepa bwino.

Ndidafunsa mwaulemu ngati mphakayo ali ndi gawo pantchito yawo. Adaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, gawo lake ndi makoswe. Asanabwere ameneyu amandidyera mankhwala, mpaka adandiboolera nsupa ziwiri."

Adandiuza kuti akamaombeza amamutulutsa n'kutseka chitseko, osati chifukwa mizimu imadana naye, koma chifukwa amaseweretsa mikanda ndipo tsiku lina adagubuduza phale la makala a lubani pamkeka. Adavomeranso, akumwetulira, kuti odwala ena akamuona mphakayo amanjenjemera n'kumaganiza kuti afika kwa munthu wokhwima, ndipo iye sawatsutsa. Bizinesi ndi bizinesi. Mfundo yomalizayi sidandisangalatse. Mantha amene iye amadyerapo ndi omwewo amene amagwetsera agogo a ku Kawale m'mavuto.

Palinso gulu lina limene silidziwika kwambiri, achinyamata amene aphunzira kusinkhasinkha kwa pa YouTube, kuja kokhala pansi, kutseka maso n'kumawerenga mpweya. Mnzanga wina wa ku Area 25 amachita zimenezi m'mawa uliwonse asanapite kokasaka ntchito, akuti zimamuchepetsera nkhawa. Amakhoma chitseko chifukwa mayi ake akamupeza atapinda miyendo, maso otseka, angati walowa za sataniki. Tsiku lina adaiwala kukhoma. Mayi ake adamupeza ali chomwecho, mphaka wa pakhomopo atamukhalira pamiyendo. Akuti adachita kuitanitsa abusa. Tidaseka, koma iye sadaseke kwenikweni, chifukwa kwa mwezi wathunthu azing'ono ake adaletsedwa kulowa kuchipinda kwake.

Tsono tibwerere ku funso lija la pagulupu, loti mphaka ndi wa ndani, chifukwa apa ndiye pali moyo wa munthu.

Kafukufuku wa bungwe la Afrobarometer amene adatuluka mu 2022 adapeza kuti Amalawi 74 mwa 100 alionse amakhulupirira kwambiri kuti ufiti uliko. Ndiye sindikudzinamiza kuti nkhani imodzi ya pafoni ingasinthe maganizo a anthu atatu mwa anayi alionse, ndipo si cholinga changa. Khulupirirani zimene mumakhulupirira. Koma dziwani kuti lamulo lokhudza ufiti, la Witchcraft Act, limene atsamunda adakhazikitsa mu 1911, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kukakhala kundende zaka 5. Limaletsanso kumwetsa mwabvi, kuitana wosaka afiti, ngakhalenso kudzitcha wekha mfiti. Komiti yapadera ya Law Commission yotsogozedwa ndi jaji wopuma Robert Chinangwa idapereka maganizo oti lamulo livomereze kuti ufiti uliko. Anthu ambiri adamva ngati lamulo lasintha tsiku lomwelo. Ayi, maganizo a komiti si lamulo mpaka aphungu atakambirana ndi kuvomereza ku Nyumba ya Malamulo. Ndipo kulemba pagulupu ya WhatsApp kuti gogo wakuti ndi mfiti n'kuloza chala ndithu, kusiyana kwake n'kwakuti umboni umatsala m'mafoni a anthu 200.

Chifukwa chimene lamulo limaumira apa tonse tikuchidziwa. Mu January 2016, m'mudzi mwa Chimbalanga m'boma la Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi anthu a m'mudzi momwemo mtsikana wa zaka 17 atafa ndi mphenzi. Mabungwe ngati Manepo, amene amayankhulira anthu achikulire, chaka ndi chaka amadandaula za agogo ophedwa, omenyedwa ndi owotcheredwa nyumba pa nkhani zomwezi. Mu 2024 aphungu adavomereza lamulo lapadera loteteza anthu achikulire. Zonsezi zilipo papepala. Koma chigulu cha anthu chikafika pakhomo ndi miyala, pepala limafika mochedwa. Nkhani imaimitsidwa kumayambiriro, pamene ikadali pagulupu, pamene wina wangolemba kumene kuti "ine ndimawakayikira kale agogo amenewa."

Ndiye ngati muli ndi mphaka, kapena wa aneba amakonda kwanu, ndipo mukufuna kupemphera, kuchita kolona, kuswali kapena kusinkhasinkha mwamtendere, mungatani?

Chophweka kwambiri n'kumutulutsa musanayambe n'kutseka chitseko, osaiwala zenera ndi kampata kaja ka pakati pa khoma ndi malata. Kwa azakhali tidapeza kuti amalowera pazenera la kukhitchini limene galasi lake lidasweka kalekale n'kutsekedwa ndi katoni. Koma mphaka wanjala akamutsekera kunja amalira ndi kukanda chitseko, ndiye mupatseni chakudya kaye. Timitu ta usipa tosakaniza ndi nsima yotsala tikwanira. Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 patsiku, ndipo akakhuta chimene amafuna n'kudzinyambita ndi kugona. Ngati ndi wamng'ono wovutavuta, museweretseni ndi kachingwe mphindi zochepa atope.

Ambiri mwa ife timakhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri, kopanda komutsekera. Pamenepo mupangireni malo ake oposa miyendo yanu. Katoni yaing'ono, muikemo juzi yakale, muiike pakona pofunda. Amphaka ndi makatoni ndi pachibale, sindikudziwa kuti adapangana liti. Akazolowera kuti nthawi ya mapemphero iye amapita m'katoni, amayamba kupitamo yekha mukangoyala mkeka. Akakudumphiranibe, munyamuleni mwakachetechete n'kumuika pansi. Kukuwa ndi kumugenda ndi silipasi kumangomudzidzimutsa, ndipo mphaka wodzidzimuka ndi amene amakanda ndi kugubuduza zinthu.

Apa ndiye pali ngozi yeniyeni imene usiku uja palibe adaitchula: kandulo. Idagwera pasimenti n'kuzima, mwayi wathu. Ikadagwera pamkeka kapena pakatani, bwenzi tikunena zina, ndipo m'nyumba zogundizana za m'makomboni athu moto sufunsa kuti nyumba iyi ndi ya opemphera. Ngati m'nyumba muli mphaka, kandulo iikeni m'botolo lalikulu kapena m'chitini, pamalo amene mchira sungafike, ndipo musatseke maso nonse moto uli pansi. Tochi ya pafoni yoikidwa m'kapu imawalanso bwino. Chimodzimodzi makala a lubani. Utsi wambiri m'chipinda chotseka umavutitsa chifuwa cha mphaka, ndipo mafuta ena onunkhira, monga a bulugamu, ndi poizoni kwa iye. Musamudzoze mafuta odalitsidwa poti mukumutulutsa ziwanda, chifukwa chilichonse chimene chili paubweya wake amachinyambita. Akadwala musamupatse Panado. Mankhwala amenewa amapha mphaka ngakhale kachidutswa kochepa.

Ena pagulupu paja adapereka nzeru yoti mphakayo athiridwe tameki m'nsomba, nkhani ithe. Kupatula kuti kuzunza chiweto ndi mlandu pansi pa lamulo loteteza nyama, ganizirani pabwalo pamene mukutayapo nsomba yapoizoniyo. Pamayenda nkhuku za aneba, agalu, ndi ana okwawa amene chilichonse amaika m'kamwa. Mukamupha mphakayo, makoswe amene amawaletsa aja adzabwerera, ndipo mudzagulanso tameki wina woti muziika pafupi ndi ufa wanu.

Ngati mukufuna choopa chenicheni pa mphaka, opani chiwewe. Nthawi zambiri matendawa amachokera kwa agalu, koma mphaka naye amatha kuwatenga ndi kupatsira munthu pomuluma kapena kumukanda. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, kuchira kumakhala kosatheka. Ndiye mphaka wachilendo amene akuchita zodabwitsa, akutuluka dovu, akuluma anthu popanda chifukwa kapena akuyenda modzandira, musamugwire ndi manja ndipo musataye nthawi kumudzudzula m'dzina la Yesu muli pafupi naye. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Pempherani muli m'minibasi. Vuto la kuona ufiti paliponse n'lakuti munthu wolumidwa amayamba wapita kwa mneneri kapena kwa sing'anga, masiku a katemera n'kumadutsa.

Muno mu Lilongwe muli bungwe la LSPCA, limene limagwira ntchito yosamalira ziweto. Limapereka katemera wa chiwewe komanso limachita opaleshoni yoletsa agalu ndi amphaka kubereka. A zaziweto a boma nawonso amachititsa katemera, makamaka nyengo ya tsiku lokumbukira matendawa pa 28 September. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere asanakwane miyezi 6 ndipo amaswa kawiri kapena katatu pachaka. Akachitidwa opaleshoni, konsati ya pamalata ija imatha, wamwamuna amachepetsa kuyendayenda ndi ndewu. Kunena mwachidule, mfiti imene imakusowetsani tulo ija imatheka ndi dokotala wa ziweto.

Ku Kawale kuja zidatha chonchi. Loweruka madzulo anyamata ena adayamba kuzungulirazungulira pakhomo pa agogo aja, ndipo tsiku limenelo palibe adagula tomato. Ndidawauza azakhali zonse zimene ndalemba pamwambapa, za kutentha kwa thupi, za makutu, za Neno. Adandimvetsera akusenda mbatata, nkhope ili gwa.

"Iwe sukulu yakuwononga," adatero. "Mdierekezi amagwiritsa ntchito chilichonse."

"Chabwino azakhali. Ndiye akhozanso kugwiritsa ntchito gulupu ya WhatsApp."

Sadayankhe. Adapitiriza kusenda. Patapita kanthawi adafunsa, osandiyang'ana, ngati n'zoona kuti munthu angamangidwe chifukwa cha zolemba pafoni. Ndidati inde. Sindikudziwa ngati chidawagwira ndi chisoni kapena mantha a ndende, ndipo sindidafunse. Adavala chitenje, n'kupita kwa amfumu a m'deralo, ndipo usiku womwewo amfumu adalemba pagulupu kuti amene atchulenso dzina la agogowo akakumana kupolisi ya Kawale. Mtsikana uja adafufuta kanemayo, ngakhale kuti kufufuta kanema amene wafika kale m'mafoni a anthu kuli ngati kutola ufa wotayika pamchenga.

Lamulungu m'mawa, tisanapite kutchalitchi, azakhali adandituma ndikagule tomato wa K1,000 kwa agogowo, pamene m'nyumba mudali tomato wodzaza beseni. Ndidawapeza atakhala pakhonde, mphaka uja ali pamapazi awo. Adali atamva zonse, inde. M'komboni mulibe chinsinsi.

"Mdzukulu wanga, ameneyu ndidamutola m'ngalande ali kamwana," adatero akundiikira tomato m'jumbo. "Ndi amene ndimayankhula naye usiku. Ndimuphe kuti anthu andikonde?"

Ndidasowa choyankha. Adandiikira basera ya tomato awiri.

Gulu la mapemphero likukumanabe Lachisanu lililonse, koma atsala asanu. Awiri adasamukira kwina, akuti nyumba ya azakhali idalowedwa, ndipo mmodzi mwa iwo mpaka lero sawapatsa moni agogo aja. Zenera la kukhitchini adaikamo galasi. Kandulo tsopano imakhala m'botolo lakale la mayonezi. Ndipo pakhonde, kuseri kwa ndowa, pali katoni ya sopo yokhala ndi juzi yanga yakale ya kusekondale. Azakhali akuti adaiikapo kuti chinthucho chisalowenso m'nyumba mwawo. Timitu ta usipa timene timapezeka pambali pake m'mawa uliwonse akuti sakudziwa amene amaikapo.